Ku Lake Placid, Kumene Masiku Awiri Amaweruza Chaka Chonse

Kumpoto kwa chigawo cha New York m'dziko la Amereka, pakati pa mapiri otchedwa Adirondack, kuli katauni kotchedwa Lake Placid. Pa kalembera wa mu 2020 anapezamo anthu 2,205 okha. Msewu wake waukulu ndi umodzi, ndipo munthu woyenda pansi akhoza kuutsiriza tiyi asanazizire m'kapu. Koma mwezi wa Malichi ukafika pakati, katauni kameneka kamadzaza ndi alendo ovala majuzi ofiira, obiriwira, agolide ndi ena, onse atabwera kudzaona anyamata a m'masukulu aukachenjede akulimbirana chikho pa masewero a hockey ya pa madzi oundana. Ife tinakafikako mu Malichi 2023, ndipo tafuna kukusimbirani za malowo, za masewerowo, komanso chifukwa chimene mpikisano wotchuka chotere umachitikira kumalo aang'ono ndi akutali ngati amenewa.

Njira yopita kumapiri

Kuchokera mu mzinda wa New York, ulendo wa pa galimoto umatenga maola ngati asanu. Mumadzera ku Albany, likulu la chigawochi, n'kupitirira chakumpoto pa msewu waukulu wa nambala 87, kenaka n'kukhotera mu msewu wa 73 umene umakwera mokhotakhota pakati pa matanthwe ndi nkhalango. Nkhalango imeneyi boma linaiteteza mu 1892, ndipo phiri lalitali koposa m'chigawo chonse cha New York, la Mount Marcy, lotalika mamita 1,629, lili momwemu. Mitengo yambiri tinaipeza ilibe tsamba ndi limodzi lomwe, ngati yowauka ndi moto, pamene pansi ponse panali mbee ndi chipale chofewa. Pa matanthwe ena madzi anali ataundana ali m'kati motsika, n'kumalendewera ngati mizu yoyera.

Chizindikiro choti mwafika ndi nsanja ziwiri zazitali zimene zimaonekera pamwamba pa mitengo. Pamenepa ndi pamene anthu amatsetsereka atamanga timatabwa tatitali kumapazi, n'kudumpha m'malere mtunda woposa kutalika kwa bwalo la mpira. Mukapitirira pang'ono mumalowa mu msewu wa Main Street, umene mbali imodzi uli ndi masitolo ndi nyumba zogona alendo, ndipo kuseri kwa masitolo a mbali inayo kuli nyanja.

Nyanja yoyenda ndi mapazi

Nyanja ya m'mbali mwa tauniyi imatchedwa Mirror Lake. Ndi yaing'ono, yoti mukhoza kuizungulira wapansi pa ola limodzi, ndipo maboti a injini ya petulo saloledwamo. Nyanja yeniyeni ya Lake Placid, imene inapatsa tauniyi dzina, ili chakumpoto pang'ono. Kwa inu amene munabadwira m'mphepete mwa madzi, chodabwitsa n'chakuti miyezi itatu kapena inayi pa chaka nyanja zimenezi zilibe mafunde, zilibe bwato, zilibe phokoso. Zimasanduka bwalo loyera, lolimba ngati simenti.

Mwina mufunsa kuti nanga nsomba zimapita kuti? Yankho lake ndi lakuti madzi akaundana amapepuka, choncho ayeziyo amayandama pamwamba ngati chivundikiro cha mphika, pamene pansi pake madzi amakhalabe madzi ndipo nsomba zimakhala moyo, kungoti zimayenda mwaulesi. Asodzi a kumeneko amaboola dzenje pa ayezipo, n'kutsitsa mbedza, n'kukhala pa chidebe kudikira. Akuluakulu oona za chilengedwe amalangiza kuti munthu asapondepo mpaka ayeziyo atakhuthala masentimita 10. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pa Mirror Lake pamayenda ngolo zokokedwa ndi agalu, ndipo ana amasesa chipale chofewa, n'kuika nsapato ziwiri ngati magolo, n'kuyamba kusewera. Apa ndi pamene masewero a hockey anakulira m'maiko ozizira: pa maiwe ndi pa nyanja, kale nyumba zazikulu zosewereramo zisanamangidwe.

Mwezi wa Malichi ndi nyengonso yokolola shuga wa m'mitengo. Usiku kukazizira kwambiri koma masana n'kufundako, mitengo yotchedwa maple imatulutsa madzi otsekemera pang'ono. Alimi amaiboola, n'kuwiritsa madziwo, ndipo pamafunika malita ngati 40 kuti papezeke lita imodzi ya manyuchi. Sukulu yaukachenjede ya Cornell, imodzi mwa zolimbirana chikho chimene tikunenachi, ili ndi nkhalango yake yochitira kafukufuku wa mitengo imeneyi kufupi ndi tauniyi.

Mmene katauni kanatchukira

Amene anatembenuza mbiri ya malowa ndi Melvil Dewey, yemwe uja anakonza ndondomeko ya manambala yosanjira mabuku imene nyumba zowerengeramo mabuku zambiri zimatsata. Mu 1895 iye anatsegula malo opumulirako anthu olemera otchedwa Lake Placid Club, ndipo kuyambira mu 1904 malowo anayamba kukhala otsegula ngakhale m'nyengo yachisanu, pamene ena onse ankatseka n'kuthawa. Sitingabise kuti kalabu imeneyi inali ya tsankho, pakuti inkakana Ayuda ndi anthu akuda. Inatsekedwa mu 1980, koma masewero a m'chisanu amene inayambitsa anatsala. Mwana wake, Godfrey Dewey, ndiye anakopa masewero a Olimpiki a nyengo yachisanu kuti achitikire kuno mu 1932, ndipo mnyamata wa m'tauni momwemu, Jack Shea, anapata mendulo ziwiri zagolide pa liwiro la pa ayezi. Nyumba yosewereramo ya nthawi imeneyo ilipobe, ndipo imatchedwa dzina lake.

Masewero a Olimpiki anabweranso mu 1980. Kutsogolo kwa sukulu ya sekondale ya m'tauniyi kuli bwalo lozungulira la pamtetete pamene Eric Heiden anapata mendulo zisanu zagolide. Koma chimene anthu a ku Amereka amakumbukira kwambiri chinachitika m'nyumba yatsopano imene inamangidwa pafupi ndi yakale ija. Pa 22 Febuluwale 1980, timu ya Amereka, imene ambiri mwa osewera ake anali anyamata ongochoka kumene m'makoleji, inakumana ndi timu ya Soviet Union imene inali itatenga golide kanayi motsatizana, mu 1964, 1968, 1972 ndi 1976. Masabata awiri m'mbuyomo matimu omwewa anali atakumana ku New York, ndipo anyamatawo anakwapulidwa zigoli 10 kwa 3. Koma tsiku limeneli anapambana 4 kwa 3. Chigoli chomaliza anamwetsa ndi mtsogoleri wawo Mike Eruzione kutatsala mphindi khumi. Patapita masiku awiri anagonjetsa Finland 4 kwa 2 n'kutenga golide. Mphunzitsi wawo, Herb Brooks, anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 2003, ndipo mu 2005 nyumbayo inatchedwa Herb Brooks Arena. Mumalowa anthu pafupifupi 8,000, kuposa katatu chiwerengero cha eni tauni. M'menemu ndi mmene mumachitikira mpikisano umene tinapitira.

Masewerowo amayenda motani?

Pansi pa bwalolo pali simenti yokhala ndi mapaipi oziziritsa, monga a mufiriji, ndipo pamwamba pake amathirapo madzi mpaka ayezi wa masentimita awiri kapena atatu. Bwalolo ndi lotalika mamita ngati 60, lotchingidwa ndi matabwa komanso magalasi olimba. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo goloboyi. Kumapazi amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, ndipo m'manja amagwira ndodo yopindika kumapeto. M'malo mwa mpira pali kamphira kakuda kaphwatalala, kotambalala masentimita 7.6, kolemera magalamu osaposa 170. Kamphiraka amayamba akaumitsa mufiriji kuti kasamadumphedumphe. Golo yake ndi yaing'ono, mamita 1.83 m'mbali ndi 1.22 m'mwamba, ndipo goloboyi atavala zodzitetezera zake amaoneka ngati waitseka yonse.

Masewero amagawidwa patatu, mphindi 20 chigawo chilichonse, ndipo wotchi imaima woyimbira akangoliza wezulo. Liwiro lake ndi loopsa kotero kuti munthu sakhalitsa pabwalo kuposa mphindi imodzi. Amathamangira kumpando, mnzake n'kulumpha thabwa kulowa, masewero ali m'kati. Kugundana ndi phewa n'kololedwa, koma wokola mnzake ndi ndodo kapena womugwetsa mwachinyengo amakakhala m'kachipinda ka chilango mphindi ziwiri, anzake n'kumavutika ali operewera. M'masewero a makoleji aliyense amavala chotchinga nkhope yonse, ndipo womenya mnzake nkhonya amatulutsidwiratu. Pa nthawi yopuma pamalowa galimoto yotchedwa Zamboni, dzina la munthu amene anaipanga mu 1949, imene imapala ayezi wokandikakandika n'kuthirapo madzi otentha kuti pasalalenso. Ana ambiri tinawaona akuiyang'anitsitsa galimotoyi kuposa osewera.

Masukulu khumi ndi awiri

Ligi imene imabwera ku Lake Placid imatchedwa ECAC Hockey, ndipo ili ndi masukulu 12 a kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo. Asanu ndi limodzi ndi a gulu lotchuka la Ivy League: Harvard, Yale, Princeton, Cornell, Dartmouth ndi Brown. Masukulu amenewa salipirira munthu maphunziro chifukwa choti amasewera bwino. Wofuna kulowa ayenera kukhoza mayeso monga wina aliyense, ndipo thandizo la ndalama limatengera kusowa kwa banja lake. Enawo ndi Clarkson, St. Lawrence, Colgate, Union, Rensselaer ndi Quinnipiac. Dzina la Colgate musalidabwe: sukuluyi inatchedwa choncho mu 1890 polemekeza banja lomwe lija la sopo ndi mankhwala otsukira mano, limene linkaithandiza ndi ndalama.

Pakati pa masukuluwa pali zibwana zakalekale. Ochemerera a Cornell, timu ya Harvard ikabwera kwawo ku Ithaca, amaponya nsomba zakufa pabwalo. Mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1970, pobwezera a Harvard amene anaponyera goloboyi wa Cornell nkhuku, pomunyoza kuti sukulu yake imaphunzitsa zaulimi. Tikudziwa kuti owerenga athu adandaula ndi ndiwo zotayidwazo. Ikabwera Colgate, amaiponyera timachubu ta mankhwala a mano. Clarkson ndi St. Lawrence, zimene zili m'matauni oyandikana a Potsdam ndi Canton, makilomita ngati 16 pakati pake, ndi adani a pabwalo kuyambira kale, ndipo poti kwawo n'kufupi ndi mapiriwa, anthu awo amabwera ambiri timu yawo ikafika.

Kuyambira mu Okutobala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, timu iliyonse imasewera ndi inzake iliyonse kawiri, kwawo ndi koyenda, masewero 22 onse pamodzi. Yokhala pamwamba imalandira chikho chotchedwa Cleary Cup. Koma nkhani sithera pamenepo. Mu Malichi matimu onse 12 amalowa mu mpikisano wochotsana. Anayi apamwamba amayamba apuma, pamene asanu ndi atatu enawo amachotsana. Otsalawo amakakumana ndi anayi aja, ndipo pa ndime imeneyi timu iyenera kupambana kawiri mwa masewero atatu. Matimu anayi opulumuka ndiwo amakwera mapiri kudza ku Lake Placid. Lachisanu pamakhala masewero awiri, Loweruka amodzi. Palibe kubwereza. Zigoli zikafanana amaonjezera mphindi 20, kenaka zina 20, mpaka wina amwetse, ndipo chigoli chimenecho chimatseka zonse nthawi yomweyo. Mu 2010, pa ndime ya matimu asanu ndi atatu, Quinnipiac ndi Union anasewera mphindi 150 ndi masekondi 22 asanapezeke wopambana.

Wopambana Loweruka amatenga Whitelaw Cup, ndipo koposa apo amapata malo mu mpikisano wa dziko lonse. M'dziko la Amereka muli matimu a makoleji oposa 60 pa mlingo wapamwamba, koma olowa mu mpikisano wa dziko ndi 16 okha. Ena amasankhidwa poona mmene achitira chaka chonse, koma wopambana chikho cha ligi yake amalowa popanda womufunsa, ngakhale atakhala kuti chaka chonse ankangogwa ndi kudzuka. Khomo limeneli ndilo limapatsa masiku awiriwa kulemera kwake.

Mpikisano wosamukasamuka

Mpikisanowu unayamba mu 1962 mu mzinda wa Boston, ndipo chikho choyamba chinapita ku St. Lawrence. Unakhala ku Boston mpaka 1992. M'zaka zimenezo munadutsa anthu ngati Ken Dryden, goloboyi wa Cornell amene pambuyo pake anatenga chikho cha akatswiri cha Stanley Cup kasanu ndi kamodzi ndi timu ya Montreal, n'kudzakhalanso loya ndi nduna ya boma la Canada. Iyeyu anamwalira mu 2025. Mu 1970 Cornell inapambana masewero ake onse 29 osagonja ngakhale kufanana mphamvu, ndipo omalizawo, olimbirana chikho cha dziko lonse, anachitikira ku Lake Placid konkuno, m'nyumba yakale ija. Mu 1984 masukulu ena akuluakulu a ku Boston ndi madera ozungulira anapatuka n'kuyambitsa ligi yawo, ndipo mu 1993 ECAC inasamutsira mpikisano wake kumapiri kuno.

Patatha zaka khumi, mu 2003, unapita ku Albany, mzinda wosavuta kufikako. Mu 2011 unapitanso ku Atlantic City, m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene kuli mahotela akuluakulu koma kutali ndi masukulu ambiri a m'ligiyi, ndipo mipando yambiri inkakhala yopanda anthu. Mu 2014 unabwerera ku Lake Placid. Titayenda mu Main Street Lachisanu m'mawa tinamvetsa chifukwa chake. Mu mzinda waukulu mpikisano wotere umasowa ngati mchere m'nyanja, ndipo woyenda mumsewu sadziwa n'komwe kuti kukuchitika kanthu. Kuno tauni yonse imasanduka mpikisanowo. Wogulitsa buledi akufunsani kuti mwadzera timu iti. Magulu a ophunzira oimba malipenga ndi ng'oma amadutsana pakhomo la sitolo. Makolo a osewera a matimu olimbana amadyera pa matebulo oyandikana, pakuti kulibe kwina kothawira. Agogo amene anaphunzira pa masukuluwa zaka 50 zapitazo amayenda atagwira zidzukulu padzanja, onse atavala juzi la mtundu umodzi.

Masiku awiri a mu 2023

Matimu anayi amene anafika chaka chimenecho anali Quinnipiac, Harvard, Cornell ndi Colgate. Atatu oyambawo anali atachita bwino kwambiri moti anali ndi mwayi waukulu wolowa mu mpikisano wa dziko ngakhale atagonja. Quinnipiac inali itapambana masewero 20 mwa 22 a m'ligi. Colgate yokha ndiyo inalibe khomo lina. Sukuluyi ili m'mudzi wa Hamilton, ili ndi ophunzira pafupifupi 3,000, inathera pa nambala 5, ndipo inali isanatengeko chikhochi chiyambire 1990, pamene wosewera wake ndi mmodzi yemwe anali asanabadwe. Mphunzitsi wake, Don Vaughan, anali atatsogolera timuyi zaka 30 osachigwira. Kwa anyamata ake a chaka chomaliza, kugonja Lachisanu kukanatanthauza kuvula juzi la sukulu yawo kosadzalivalanso.

Lachisanu pa 17 Malichi, Colgate inakumana ndi Quinnipiac. Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa, ndipo zoonadi masewero 20 aja sanawerengedwe kanthu usiku umenewo. Nthawi yoikika inatha zigoli zili 1 kwa 1. Mphindi 20 zoonjezera zinathanso popanda womwetsa. Apa tinaona chinthu chimene sichioneka pa wailesi yakanema: kutopa. Anyamata ankafika pa mpando atawerama, thukuta likutuluka nthunzi m'mutu chifukwa cha kuzizira, n'kudzukanso patangopita mphindi ziwiri. Anthu zikwizikwi ankati zii kamphira kakayandikira golo, kenaka n'kupumira limodzi. M'chigawo chachiwiri choonjezera, Ross Mitton wa Colgate anamwetsa, ndipo timu yopambana zonse m'ligi inatuluka. Masewero achiwiri nawonso anafika pa nthawi yoonjezera popanda chigoli ndi chimodzi chomwe, mpaka Harvard inagonjetsa Cornell 1 kwa 0.

Loweruka pa 18 Malichi, Colgate inaima ndi Harvard, timu imene inali itatenga chikhochi chaka chapitacho ndiponso yodzaza ndi anyamata osankhidwa kale ndi matimu a akatswiri. Colgate inapambana 3 kwa 2. Goloboyi wake, Carter Gylander, ndiye anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa mu mpikisanowo. Belu lomaliza litalira, anzake anataya ndodo, magolovesi ndi zipewa m'mwamba n'kumuunjikira pamwamba. A Harvard anaima chapatali atatsamira ndodo zawo, kudikira. Pakuti mwambo wa masewerowa ndi wakuti chisangalalo chikatsika, matimu onse awiri amafola mizere n'kudutsana, aliyense kugwira chanza aliyense, ngakhale amene wakhala akumugunditsa ku matabwa usiku wonse. Wogonja sachoka mpaka atamaliza mzerewo.

Zoterezi si zachilendo m'nyumba imeneyi. Mu 2018 Princeton inafika ili pa nambala 7 n'kutenga chikho. Mu 2014 Union, koleji ya ophunzira ongopitirira pang'ono 2,000 imene pa nthawiyo sinkalipirira wosewera aliyense maphunziro, inapambana kuno, kenaka n'kukagonjetsa sukulu yaikulu ya Minnesota 7 kwa 4 pa ndime yomaliza ya dziko lonse. Anyamata amene amalowa m'nyumbayi amadziwa zimene zinachitikamo mu 1980, ndipo timu yonyozeka imaponda pa ayeziyo ikudziwa kuti pamalo pomwepa wamng'ono anagwetsapo wamkulu.

Zimene zinatsatira

Tisakunamizeni kuti chikho cha ku Lake Placid chimasandutsa mbuzi kukhala mkango. Patangotha sabata imodzi, Colgate inakumana ndi Michigan mu mpikisano wa dziko n'kugonja 11 kwa 1. Quinnipiac, imene inatsika mapiriwa ili ndi manyazi, inapambana masewero ake onse anayi otsatira, ndipo mu Epulo, ku Tampa, inagonjetsa Minnesota 3 kwa 2 ndi chigoli cha Jacob Quillan patangopita masekondi khumi a nthawi yoonjezera. Chinali chikho chake choyamba cha dziko lonse, pansi pa mphunzitsi Rand Pecknold amene anayamba ntchitoyo mu 1994, pamene timuyo inkachita zokonzekera pakati pa usiku chifukwa chosowa bwalo lake. M'mwezi womwewo Don Vaughan anapuma pa ntchito. Mu 2024 ndi 2025 chikho cha Whitelaw chinapita ku Cornell, ndipo chachiwiricho chinali chotsanzikira mphunzitsi wawo Mike Schafer, amene anatsogolera timuyo kuyambira 1995.

Palinso zaka zimene mwayiwo sunabwere n'komwe. Chakudza sichiyimba ng'oma: mu Malichi 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa mpikisanowu matimu asanakwere mapiri, pamene Cornell inali pa nambala 1 m'dziko lonse. Anyamata ake a chaka chomaliza anangouzidwa kuti alongedze katundu azipita kwawo. Mu 2021 masukulu anayi okha mwa 12 ndiwo anasewera, ndipo mpikisanowo sunachitikire ku Lake Placid. St. Lawrence inatenga chikho, koma mawa lake inadzichotsa mu mpikisano wa dziko chifukwa mphunzitsi wake anapezeka ndi matendawo.

N'chifukwa chake makolo amene tinakhala nawo pafupi sankaonera ngati anthu ongodzataya nthawi. Mwana wosewera hockey amayamba ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, ndipo kwa zaka zoposa 15 bambo kapena mayi amadzuka kusanache, m'chisanu choluma, kumuperekeza kubwalo ndi chikwama cholemera kuposa mwanayo. Mwa anyamata onse a m'ligi imeneyi ndi ochepa amene amakafika mu ligi ya akatswiri ya NHL. Ambiri akamaliza amakhala aphunzitsi, madokotala, mainjiniya ndi ogwira ntchito m'mabanki, ndipo pepala la sukulu ndilo limawadyetsa moyo wonse. Masukuluwa amalidziwa zimenezi, n'chifukwa chake wolephera m'kalasi saloledwa kusewera, ndipo si zachilendo kuona wosewera atakhala pakona m'nyumba ya alendo, buku lili pamwendo, kutatsala maola ochepa kuti alowe m'bwalo. Masewerowo ali ndi tsiku lake lothera, ndipo kwa ambiri tsikulo limawapeza ku Lake Placid.

Lamulungu m'mawa mabasi amatsika mapiri, malipenga atalongedzedwa m'mabokosi. M'masabata otsatira chipale chofewa chimasungunuka, misewu ya m'nkhalango imasanduka matope, ndipo eni masitolo ena amatseka kuti apumeko asanafike alendo a nyengo yotentha. Kawirikawiri mu Epulo ayezi wa pa Mirror Lake amada, n'kung'aluka, n'kusowa, ndipo anthu amatulutsa timabwato tawo topalasa. Pa chikho cha Whitelaw pamakhala pataonjezeka dzina limodzi, ndipo masukulu 11 otsalawo amayamba kuwerenga miyezi yofikira Okutobala.